Bata limene ndinagula ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinabwerera kwa makolo anga ndi chikwama chimodzi ndi wailesi yakufa. Banja langa la kwa Chiwalo linali litatha. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu ku Phalombe: nyumba umanga ndiwe, mango ubzala ndiwe, koma banja likatha umanyamula malaya ako n'kusiya zonse pamudzi pa eni ake. Kwa amayi, m'munsi mwa phiri la Michesi, munda ndi wa mlongo wanga Enelesi ndi ana ake. Ine ndinangokhala kamwa lowonjezera, komanso wa msinkhu woti palibe angandimvere chisoni. Bambo sanalankhule zambiri. Anagulitsa mbuzi, n'kundikweza pa njinga mpaka ku msewu. Amayi anandimangira makaka ndi mtedza wokazinga, n'kunena kuti ndisakaiwale kupemphera ndi kuimba foni. Pa ziwirizi, chimene anabwereza ndi foni.

Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa mtsinje wotsika m'phiri. Ndinakulira pamenepo osadziwa kuti mtsinje umalira. Ndinazindikira nditafika ku Joni, pamene ndinaona kuti m'makutu mwanga mukusoweka kanthu.

Ntchito imene ndinapeza inali yoika matailosi m'nyumba za anthu olemera. Tsiku lonse makina odulira matailosi akulira pafupi ndi mutu, fumbi m'kamwa, kapitawo akukalipa m'chilankhulo chimene ndinayamba ndi kuphunzira matukwano ake. Ndikaweruka, ndinkabwerera ku kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina, kumene ndinkakhala ndi Mailosi, mnyamata wamkulu wa ku Chiringa yemwe ankalizanso mkonono wa mtima wonse. Mbali ina kunali shabini. Mbali ina kunali mateksi oliza hutala kuyambira m'mawa, ndipo magetsi akazima majenereta ankayambapo. Masiku ena kunja kunkadutsa anthu oimba nyimbo zoti alendo tizipita kwathu, ife titakhala phee m'kati, nsapato zili kumapazi. Anthu akumudzi amaganiza kuti kusungulumwa ndi kukhala pamalo a zii. Kwa ine kunali kukhala pakati pa phokoso lonselo, popanda liwu ndi limodzi lomwe loitana dzina langa.

Ndalama ndinkatumiza. Nthawi zina ndi mtima wabwino, nthawi zina mokwiya, chifukwa uthenga uliwonse wochokera kumudzi unkayamba ndi moni wautali n'kuthera pa feteleza. Sindikudandaula, ndi zimene ndinapitira. Koma patapita zaka ndinadziyang'ana n'kupeza kuti palibe chimene ndinadzigulirapo ndekha kupatula nsapato zantchito ndi mankhwala a mutu.

Ndiye tsiku lina ndinalowa m'shopu yogulitsa zamagetsi zogwirapo kale ntchito, ndikufuna tchaja. Wogulitsa anaona kuti ndikumufunsa kawiri chilichonse chimene wanena, n'kufunsa ntchito yanga. Anatulutsa m'kabokosi kakuda mahedifoni aakulu aja ophimba khutu lonse, opanda chingwe, n'kundiveka. Anali opepuka, ndipo mokhudza khutumo munali mofewa ngati chikhatho cha khanda. Kenako anadina kabatani kumanzere.

Msewu wonse unatha. Ndinkaona mateksi akudutsa pa zenera, ndinkaona pakamwa pa wogulitsayo pakugwedezeka, koma ine ndinali ndekha m'chipinda chopanda kanthu. Mapewa anga anatsika okha. Sindinkadziwa kuti ndinali nditawakweza kwa zaka zonsezo. Wogulitsayo anandifotokozera kuti kunja kwa mahedifoniwo kuli timakutu tating'ono timene timamva phokoso likubwera n'kulipha lisanafike kwa iwe. Ukadinanso kabatani komweko, timakutu tomweto timakulowetsera za kunja kuti umve munthu akamakulankhula. Ukawavula nyimbo imaima yokha. Batire lake ukalitchaja kamodzi limakusunga masiku. Mtengo wake sindiutchula, mungandiseke ngati mmene anandisekera Mailosi, yemwe anati ndagula ugonthi pa mtengo wa njinga. Mwezi umenewo feteleza anachedwa kumudzi, ndipo sindinapepese.

Nyimbo zinkamveka bwino, inde. Ng'oma inkagunda pansi pamtima osasokosa, ndipo m'nyimbo za kwaya zimene ndinkaganiza kuti ndimazidziwa ndinayamba kumva munthu aliyense payekha, ngakhale wa besi akamakoka mpweya. Koma chimene ndinawakondera kwenikweni ndi mauthenga a mawu ochokera kumudzi, amene timangoti mavoisi.

Bambo anaphunzira kutumiza voisi pa foni ya Enelesi, koma sanaphunzire kuimaliza. Ankakhala pa mwala waukulu kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kuyamba kulankhula ngati ali pa bwalo. Za nandolo, za mbuzi ya aneba yodya chinangwa, za amene wamwalira ndi amene akuoneka kuti watsala pang'ono. Akatha ankaiwala kudina, foni n'kumangojambula. Pa sipika ya foni zonsezi zinkamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. M'mahedifoni ndinkamva bambo akusuntha pa mwala, akumeza malovu, nkhanga zikulira patali, amayi akukalipira nkhuku m'Chilomwe. Ndipo kumbuyo kwa zonsezi, cha kukhutu lamanzere, mtsinje unkayenda. Ndinkagona chagada pa matiresi, Mailosi akuliza mkonono wake umene sindinkaumvanso, ine ndili kwathu.

Chaka cha napolo wamkulu uja ndinali ndidakali komweko. Kwa amene simukudziwa, napolo ndi pamene phiri lakhuta mvula n'kutsika lokha, madzi, matope, mitengo ndi miyala, zonse pamodzi. Mafoni a kumudzi anasiya kugwira. Ndinkaona zithunzi za anthu ena, milatho yoduka, matope ofika m'mawindo, n'kumafufuza denga lathu pa chithunzi chilichonse. Enelesi atapeza netiweki, anangoti amayi ali moyo, ana ali moyo, nyumba yaikulu yatsala koma khitchini ndi khola zapita. Kenako ananena kuti bambo madzi anawatenga. Anawapeza kumunsi, kuchigwa, pafupi ndi minda ya mpunga, ndipo anaikidwa msanga. Misewu inali yoduka, mapepala anga okhalira ku Joni anali atatha. Sindinapite. Ndinatumiza ndalama za malata ndi simenti, ndipo mmene zinachitikira kwenikweni sindinafunse. Mawu oti madzi anawatenga anandikwanira.

Chimene chinandibweza ndi tulo ta amayi. Enelesi anayamba kunena kuti m'chilimwe amayi ali bwinobwino, koma mvula ikangoyamba sagona. Ikamagwa amakhala pakhomo, chitenje chili m'mapewa, masana kapena usiku, ndipo ikagwa sabata yonse ndiye kuti sabata yonse ali maso. Dzinja loyamba tinati ndi chisoni, zitha. Dzinja lachiwiri anagwa pa chigayo. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, anawapatsa mapiritsi, n'kuchenjeza kuti akapitiriza kusagona tsiku lina adzafa ziwalo kapena kungopita. Mvula yachitatu ikuyandikira, Enelesi ananditumizira voisi yaifupi.

"Achimwene, ndalama zikufika, zikomo. Koma amayi dzinja ili sadutsa. Ine ndalephera."

Ndinamvera uthengawo m'mahedifoni, ndipo ndinaganiza kuti mankhwala ndawavala kumutu. Malata amene ndinagula ndine, ndinkadziwa mmene amasokosera mvula ikamagwa. Ndinati m'mtima, mayi wachikulire akuopa phokoso la mvula chifukwa likumukumbutsa tsiku lija, ndiye tichotse phokosolo. Ndinali wokondwa ndi nzeru zanga. Kapitawo anandipatsa masabata ochepa, n'kunena mosabisa kuti ndikachedwa pamalo panga aikapo wina, poti anthu ofuna ntchito amagona pa geti.

Ulendo wa basi wochokera ku Joni ndi chilango, koma ine ndinadina kabatani n'kugona mpaka ku Mwanza. Kuchokera ku Limbe ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto. Michesi ndinaiona ili ndi mabala oyera otsika kuchokera pamwamba, ndipo m'minda imene ndinkaidziwa munali miyala yaikulu kuposa nyumba, anthu atangolima mozungulira. Achinyamata a pa golosale ataona mahedifoni ali m'khosi anayamba kunditcha woyendetsa ndege. Amayi ndinawapeza atachepa. Maso anali ofiira, ndipo polankhula nane ankapendeketsa mutu pang'ono, khutu limodzi lili kwa ine, lina kuseri kwa nyumba. Mwala wa bambo uja panalibe.

Mvula inabwera masana a tsiku lotsatira, yamphamvu, yoti pa malata simungamvane. Amayi ananyamuka kupita pakhomo monga mwa chizolowezi chawo. Ndinawagwira dzanja n'kuwakhazika pa mphasa, n'kuwauza kuti ndawabweretsera chinthu chochokera ku Joni chimene chiwagonetse. Anaseka, nati ndikufuna kuwasandutsa mtsikana wa m'tauni. Ndinawaveka bwinobwino pamwamba pa duku, n'kudina kabatani.

Ndinkayembekezera kuona mapewa awo akutsika. M'malo mwake nkhope inauma. Anadzuka msanga kuposa mmene ndinkaganizira kuti angathere, n'kutuluka panja opanda nsapato, akukuwa dzina la Enelesi kuti atenge ana. Mahedifoni anagwera m'matope pa khonde. Anathamanga cha kumtunda, njira ya ku tchalitchi, kenako anaima pakati pa mvula. Anapendeketsa mutu. Mtsinje unkalira monga kale kuseri kwa nyumba. Anaima pomwepo mpaka Enelesi, amene nyumba yake ili pafupi, anawatenga n'kuwalowetsa m'nyumba.

Atavala zouma anakhala pakhomo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

"Fanuelo, iwe ukuganiza ndimaopa phokoso?" anatero. "Phokoso ndiye labwino. Tsiku lija mvula inkagwa ngati iyi, mtsinje ukulira usiku wonse, m'mawa wonse. Ndiye masana unangoti zii. Mvula ikugwa, koma mtsinje zii. Bambo ako anati, chatseka madzi n'chiyani kumtundaku, ndikaone. Anatenga chipewa. Ine mtima unandiuza kuti nditenge ana. Sindinafike n'ku tchalitchi komwe, phiri linayankha."

Anapukuta kumaso ndi chitenje.

"Zii ameneyo ndi amene wandiika m'makutu."

Ndinatola mahedifoni n'kuwapukuta, ndipo anali akugwirabe ntchito, zimene panthawiyo zinandikwiyitsa. Enelesi anandifotokozera pambuyo pake kuti dothi likagumuka kumtunda limatseka mtsinje, madzi n'kuunjikana kuseri kwake, ndipo likaphulika ndiye napolo. Aliyense m'mudzimo tsopano amazidziwa. Amayi sakhala pakhomo chifukwa cha mantha chabe, amakhala pa ntchito. Akumvetsera kuti mtsinje usasiye kulira. Enelesi anayesapo kuwalandira ntchitoyo, koma munthu amene walima ganyu tsiku lonse, khanda lili kumsana, sachedwa kusinza. Amayi anamupeza atatsamira khoma ali m'tulo, ndipo kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso makutu a munthu wina.

Ndinayesabe kuteteza katundu wanga. Ndinawaonetsa kuti kabatani komweko kamatha kulowetsa za kunja, kuti atha kuvala n'kumamvabe mtsinje. Analola kuvala kamphindi, n'kuvula. Anati mtsinjewo ukumveka ngati wa pa wailesi, ndipo iwo sangaike moyo wa adzukulu awo pa makutu obwereka oyendera batire. Mahedifoniwo ndinawabwezera m'kabokosi kawo.

Masiku otsatirawo ndinalibe chochita china koma kukhala nawo pakhomo. Poyamba ndinkangomva mvula. Makutu anga anali atazolowera kuthawa, ndipo phokoso lililonse linkandipweteka mutu. Amayi ankandifunsa mwadzidzidzi kuti ndikumva chiyani, ine n'kuyankha kuti madzi. Ankatsonya. Anati madzi okha amalira mopepuka, madzi a mchenga amalira mokhuthala, ndipo akayamba kunyamula miyala umamva kugundana kwake pansi, kumapazi, usanamve m'khutu. Ndinkalakwitsa, iwo n'kumanena kuti ku Joni ndinakagulitsa makutu n'kugula zophimbira. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kusiyanitsa. Tulo ine ndinali nditataya kale ku Joni, choncho akanditembenukira nthawi iliyonse ankandipeza ndili maso. Tsiku lina ndinawauza ndisanafunsidwe kuti madzi alowa mchenga. Anangondiyang'ana nthawi yaitali.

Iwo sanagonebe. Mvula ikakata ankasinza pang'ono atakhala, ikayamba n'kudzidzimuka. Kapitawo anayamba kutumiza mauthenga, oyamba ofunsa, otsatira opanda moni.

Tsiku loti ndinyamuke kukakwera basi ku Blantyre linafika mvula itagwa masiku angapo osalekeza. Chikwama ndinali nditamanga, wa njinga yamoto ndinali nditapangana naye. Amayi anali pakhomo. Popereka kapu ya thobwa kwa ine, inawapulumuka m'manja, ndipo anayang'ana dzanja lawolo ngati la munthu wina. Enelesi anandiyang'ana. Ndinali wotopa, kutopa kwa zaka zonse zija, ndipo ndinkafuna kwambiri kukhala m'basi, kudina kabatani, osamvanso chilichonse mpaka ku Joni. Sindibisa, ndinkafunadi.

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi kakuda kaja. Amayi anapukusa mutu ndisanayandikire n'komwe.

"Sindikuikani zii," ndinatero. "Muli mtsinje m'menemu. Wa kale, usanasinthe njira. Mulinso bambo."

Ndinawafotokozera za mavoisi aja, kuti sindinafufute ndi imodzi yomwe, kuti bambo ankaiwala kudina ndiye mtsinje unajambulika wautali.

"Akunena chiyani?"

"Za nandolo. Ndi mbuzi ya aneba."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Anati munthu uja mpaka kumanda adzapita akudandaula za mbuzi imeneyo. Kenako anayang'ana kuseri kwa nyumba.

"Nanga uwu weniweniwu amvetsere ndani?"

"Ine."

"Iwe basi ikukudikira."

"Ipite."

Enelesi anayala mphasa pakati pa nyumba. Amayi anagona chammbali, ndipo ndinawaikira chitenje chopinda pansi pa mutu kuti mahedifoni asawakanikize. Ndinasanja mavoisi onse a bambo kuti azitsatana okha. Ndinayamba ndayatsa mawu, ndipo nditaona m'maso mwawo kuti amva, m'pamene ndinadina kabatani kopha mvula ya pa malata. Thupi lawo linauma pang'ono, kenako milomo inagwedezeka. Analankhula mokweza, monga amachitira munthu amene sakudzimva.

"Ukuyenda."

Misozi inatsika n'kunyowetsa chitenje, koma sanavule. Patapita kanthawi anatsegula maso kundifunafuna. Ndinawalozera pakhomo, n'kupita kukakhala pamalo pawo, pomwe ankatha kundiona. Anatsegulanso maso kangapo, nthawi iliyonse n'kundipeza ndili pompo, mutu nditapendeketsa. Kenako sanatsegulenso. Kupuma kwawo kunatalika, pakamwa panatseguka pang'ono, ndipo Enelesi anagwira pakamwa pake n'kutuluka kukalirira kuseri.

Ndinakumbukira kuti foni ikaitana, kulira kwake kumalowa m'mahedifoni momwemo, ndipo kapitawo anali atanena kuti aimba masana omwewo kuti amve ngati ndanyamuka. Ndinalowa chonyang'ama, n'kuzimitsa netiweki, n'kusiya foni pambali pa mphasa. Wa njinga yamoto atafika ndinamuchingamira pa msewu asanaimbe hutala, n'kumupatsa ya mafuta kuti abwerere.

Ku Joni ndinkaganiza kuti bata munthu amagula n'kuvala yekha. Kwathu munthu amagona chifukwa wina wavomera kukhala maso, ndipo amayi anakhala maso madzinja awiri popanda wowalandira. Ntchito ija inapita. Mailosi anati pamalo panga anaikapo mnyamata wa ku Zimbabwe, ndipo chipinda akukhala ndi wina amene naye amaliza mkonono. Feteleza wa chaka chamawa sindikudziwa kumene achokere. Mahedifoni timakatchajitsa pa sola ya ku golosale, ndipo achinyamata aja tsopano woyendetsa ndege amati ndi amayi.

Tsiku limenelo amayi anagona mpaka dzuwa linapendeka, kuseri kwa mitambo. Mvula sinakate. Ine ndinakhala pakhomo, msana ukupweteka, maso akulemera, mapazi ali pansi opanda nsapato monga anandiphunzitsira. Madzi anali a mchenga, opanda miyala. Mtsinje unkalira, ndipo ndinaumvetsera.